Phulusa la mankhusu a mpunga likalowa m'botolo, mlimi apindulanji?

Aliyense amene anafikapo kuseri kwa chigayo cha mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota kapena m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa amaudziwa mulu wa mankhusu umene umakula tsiku ndi tsiku m'miyezi yokolola. Ena amabwera ndi matumba kudzatapa kuti akayale m'makola a nkhuku, ena amakawotchera njerwa, koma otsalawo amangoyatsidwa pomwepo, ndipo muluwo umafuka utsi kwa masiku angapo mpaka utasanduka phulusa lotuwa limene mphepo imamwaza. Ku India, ku Bangladesh ndi ku Vietnam milu yotere ndi mapiri enieni, pakuti dziko lonse lapansi limakolola matani oposa 750 miliyoni a mpunga wosapuntha chaka chilichonse, ndipo pa makilogalamu 100 alionse a mpungawo, pafupifupi 20 amakhala mankhusu. Kumeneko n'kumene akatswiri a sayansi alimbikira kwambiri kufufuza njira zosandutsira zinyalala za mtundu uwu kukhala timibulu ting'onoting'ono kwambiri, totchedwa ta nano, timene akuti tingathandize mbewu kukula bwino, kupirira matenda ndi kuchepetsa feteleza amene mlimi amathira.

Tiyenera kumvetsetsa kaye kuchepa kumene kukunenedwa pano. Mita imodzi ikagawidwa m'magawo 1 biliyoni, gawo limodzilo ndiye nanomita, ndipo tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Timibulu ta nano ndi tija timene kukula kwake kuli pakati pa nanomita imodzi ndi mananomita 100. Mayi aliyense wophika amadziwa kuti mchere wosinja umalowerera msanga m'ndiwo kusiyana ndi mchere wamibulu, chifukwa ukasinjidwa, mbali zake zokhudzana ndi msuzi zimachuluka. Sayansi ya nano yangotenga nzeru yomweyo n'kuifikitsa patali: kamwala ka mbali zisanu ndi imodzi kotalika sentimita imodzi mbali zonse, kataduladulidwa kukhala tizidutswa ta mananomita 10, kunja kwa tizidutswa tonseto kuphatikiza pamodzi kungakwane masikweyamita 600. Chinthu chikafika pamenepo chimasintha khalidwe, chimamata kwambiri pa tsamba, chimasungunuka mwa njira ina, ndipo nthawi zina chimalowa m'malo amene fumbi wamba silingalowe. Ubwino wake wonse uchokera pamenepa, ndipo kuopsa kwakenso kuchokera pomwepa.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti kafukufukuyu ndi woyenera kumupatsa ndalama ndi nthawi, makamaka amene akukhudza mankhusu a mpunga, koma palibe botolo lililonse lolembedwa kuti nano limene liyenera kugulitsidwa kwa mlimi lisanapambane phulusa wamba ndi manyowa wamba m'munda weniweni, kwa zaka zingapo zotsatizana, ndipo woyesayo akhale munthu wosadya nawo phindu la botololo. Ndikunena chonchi chifukwa mawu awiri akuti zinyalala ndi nano akaikidwa pamodzi amatseka pakamwa anthu ambiri. Oyambawo amapangitsa munthu kuganiza kuti chinthucho n'chaulere ndiponso chosavulaza, pamene achiwiriwo amamuchititsa manyazi kufunsa, poopa kuoneka wotsalira.

Ndiyambe ndi mbali imene ili ndi maziko olimba. Mpunga ndi chomera chimene chimakoka silikoni wambiri m'nthaka kuposa mbewu zambiri zodyedwa, ndipo chimamusunga m'masamba, m'mapesi ndi m'mankhusu ngati silika, yemwe ndi chinthu chomwechija chimene chimapanga mchenga. N'chifukwa chake mankhusu amakanda m'manja ndipo amachedwa kuwola pa dzala. Akawotchedwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limatsala ngati phulusa, ndipo m'phulusalo silika amaposa magawo 85 pa 100 alionse. Kuchokera pa tani imodzi ya mpunga wosapuntha, munthu angapeze mankhusu olemera makilogalamu 200, phulusa la makilogalamu pafupifupi 40, ndi silika woposa makilogalamu 30. Kuti silikayu afike pa msinkhu wa nano, mankhusu amatsukidwa kaye ndi asidi pochotsa michere ina, kenaka amawotchedwa m'ng'anjo imene kutentha kwake kumasungidwa pakati pa madigiri 600 ndi 700. Phulusa loyeralo limasungunulidwa mu kositiki soda, yemwe uja amapangira sopo, ndipo asidi akathiridwanso pang'onopang'ono, silika amagwa pansi ngati phala loyera limene limatsukidwa n'kuumitsidwa.

Kuti silikoni amathandiza mpunga si nkhani yatsopano ayi. Alimi a ku Japan akhala akuthira m'madambo awo zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira zitsulo, zimene zili ndi silikoni, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2006 katswiri wina wogwira ntchito ku Japan komweko, Jian Feng Ma, pamodzi ndi anzake anapeza kachipangizo ka m'mizu ya mpunga kamene kamalowetsa silikoni m'chomeracho. Mpunga wokhuta silikoni umaima nji osagwa ndi mphepo, masamba ake amalimba kotero kuti mbozi zimavutika kuwatafuna, ndipo matenda a chiwawu cha mpunga salowerera msanga. Palinso ntchito ina imene agogo athu anaidziwa kale popanda dzina lake lasayansi, yosakaniza phulusa ndi nyemba kapena khobwe wosunga kuti anankafumbwe asamuwononge. Fumbi la silika limakanda ndi kuyamwa mafuta otchinga khungu la kachilombo, ndipo kachilomboko kamafa ndi kuuma. Ngati timibulu tochepetsetsa tingagwire ntchito yomweyo ndi muyeso wochepa kwambiri, ndiye kuti pali chifukwa chomveka choyesera, popeza anankafumbwe sazolowera msanga kuphedwa mwa njira imeneyi monga amazolowerera mankhwala a poizoni.

Zinyalala zina nazo zili ndi mbiri yake. Makoko a nkhanu ndi shirimpi, amene mafakitale a m'mbali mwa nyanja ku Asia amataya ochuluka, amatulutsa mankhwala otchedwa chitosan, amene amadzutsa chitetezo cha chomera ndi kulepheretsa mafangasi ena kukula, ndipo maiko a European Union anawavomereza mu 2014 kuti azigwiritsidwa ntchito poteteza mbewu. Zigoba za mazira pafupifupi zonse ndi laimu. Mafupa ndi mamba a nsomba ali ndi mwala wa kashiamu ndi fosifolasi wotchedwa hydroxyapatite. Mwala umenewu ndi umene gulu la akatswiri a ku Sri Lanka, lotsogoleredwa ndi Nilwala Kottegoda, linagwiritsa ntchito pa kafukufuku amene linasindikiza mu 2017. Iwo anamatiza yureya pa timibulu ta mwalawu kuti asasungunuke nthawi imodzi, ndipo atayesa m'munda wa mpunga anapeza kuti theka la muyeso wanthawi zonse wa nayitrojeni linapereka zokolola zosachepera pa za muyeso wathunthu. Iwowo mwala wawo anaupanga kuchokera ku mankhwala a m'labotale, koma ena akuyesa kuutenga ku mafupa ndi zigoba. Ganizoli limandikhutiritsa chifukwa silikulonjeza chozizwitsa chilichonse. Vuto likudziwika, lakuti mbewu zimatenga osafika theka la nayitrojeni amene amathiridwa m'munda, pamene wina amauluka ngati mpweya ndipo wina amakokoloka ndi madzi, ndipo njirayi ikungofuna kutseka pamene pakudonthapo.

Pamene ndimayamba kukayika ndi pa gulu lina la kafukufuku, limene mwatsoka ndi limene ladzaza m'magazini a sayansi. Munthu amawiritsa makoko a nthochi, a malalanje kapena masamba a tiyi otha ntchito, n'kuthira madziwo m'mchere wa siliva, wa kopa kapena wa zinki, ndipo mankhwala achilengedwe a m'makokomo amachititsa kuti chitsulocho chiundane kukhala timibulu. Akatero amalemba kuti wapanga timibulu ta nano kuchokera ku zinyalala. Koma chimene chili m'botolomo ndi siliva, ndipo silivayo wachokera ku mgodi, wayengedwa ku fakitale, n'kugulidwa ndi ndalama zakunja. Khoko la nthochi langogwira ntchito ya mzamba, mwanayo si wake. Njirayi ili ndi ubwino wake, chifukwa imalowa m'malo mwa mankhwala ena oopsa amene amagwiritsidwa ntchito popanga timibuluto, koma kunena kuti zotulukazo n'zachilengedwe ndi kusocheretsa wowerenga. Kuwonjezera apo, makoko a nthochi ya chaka chino sangafanane ndi a chaka chamawa, ndipo timibulu timatuluka tosiyana kukula nthawi iliyonse, zimene zimavuta kwambiri pamene munthu akufuna kuchoka pa kapu imodzi ya m'labotale kupita ku migolo ya fakitale.

Siliva ndi kopa amatamandidwa chifukwa amapha tizilombo toyambitsa matenda a mbewu, koma chitsulo sichidziwa kusankha mdani ndi bwenzi. M'nthaka muli mabakiteriya amene amakhala m'timaphundo ta mizu ya soya, mtedza ndi nandolo, n'kumakoka nayitrojeni mumpweya kwaulere, ndipo muli enanso amene amasintha manyowa kukhala chakudya chimene mizu ingayamwe. Kafukufuku wa m'malabotale wasonyeza mobwerezabwereza kuti timibulu ta siliva tikachuluka timafooketsa mabakiteriya amenewa. Chitsulo sichiwolanso ngati mmene amawolera mankhusu. Alimi a mphesa a ku France ndi maiko oyandikana nawo akhala akupopera mankhwala a kopa kuyambira m'zaka za m'ma 1880, ndipo lero minda yakale ya mphesa ili m'gulu la nthaka zokhala ndi kopa wochuluka kwambiri ku Europe. Munthu amene akulankhula za ulimi wosamalira nthaka ya mibadwo yakutsogolo sangadumphe mfundo imeneyi chifukwa chakuti kopa wakeyo anaundana m'madzi a makoko a zipatso.

Phunziro lalikulu la zimene zimachitika dzina lakuti nano likathamanga kuposa umboni likuchokera ku India. Mu 2021 bungwe lalikulu la alimi lopanga feteleza kumeneko, la IFFCO, linayamba kugulitsa yureya wamadzi wa nano, wopangidwa ku fakitale yake ya ku Kalol m'chigawo cha Gujarat, ndipo linalengeza kuti botolo limodzi la mamililita 500 lingalowe m'malo mwa thumba la yureya la makilogalamu 45. Masamu ake safuna digiri. Pa magawo 100 alionse a yureya, 46 ndi nayitrojeni, choncho thumbalo lili ndi nayitrojeni woposa pang'ono makilogalamu 20. Botololo linali ndi magawo 4 pa 100, kutanthauza magalamu 20. Kusiyana kwake ndi ka 1,000. Ngakhale titavomera kuti mbewu imangotenga gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene zili m'thumba, ndipo imayamwa dontho lililonse la m'botolo, thumba lija lipatsabe mbewu makilogalamu pafupifupi 7 pamene botolo likupereka magalamu 20. Chimanga chimafuna nayitrojeni wokwana makilogalamu 20 kapena kuposerapo kuti chibereke tani imodzi, chifukwa nayitrojeniyo ndi njerwa imene chomera chimamangira thupi lake, ndipo kuchepetsa kukula kwa njerwa sikuchepetsa kuchuluka kwa dothi lofunika pomanga khoma.

Opanga ake amayankha kuti mankhwalawa amadzutsa chomera kuti chigwiritse bwino ntchito chakudya chimene chilipo kale, ndipo amalangiza kuti feteleza wokulitsa azithiridwabe monga mwa nthawi zonse. Koma ngati zokolola sizikutsika chaka choyamba pamene nayitrojeni wothiridwa wachepa, ndiye kuti mbewu ikudya nkhokwe ya m'nthaka, ndipo nkhokwe yosawonjezeredwa imatha. Mu 2023 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Copenhagen, Max Frank ndi Søren Husted, analemba m'magazini ya sayansi ya Plant and Soil kuti malonjezo a mankhwalawa alibe umboni wokwanira, ndipo akatswiri a pa Punjab Agricultural University ku India komweko atayesa m'minda yawo anapeza kuti zokolola za tirigu ndi mpunga zinatsika, pamodzi ndi mapuloteni a m'njere, pamene theka la yureya wamba linalowedwa m'malo ndi wa nano. Dziko la Sri Lanka, lomwe lija la kafukufuku wabwino wa 2017, linaona mbali yowawa ya nkhaniyi. Mu April 2021 boma la Gotabaya Rajapaksa linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza wa mankhwala, ndipo alimi atayamba kulira, linaitanitsa mabotolo a nayitrojeni wa nano kuchokera ku India kuti atseke mpatawo. Zokolola za mpunga zinagwabe kwambiri, ndipo chiletsocho chinachotsedwa chaka chomwecho chisanathe.

Wina anganditsutse kuti yureya wa nano wa ku India sapangidwa ndi zinyalala, choncho n'kulakwa kuweruza silika wa mankhusu ndi mlandu wa mnzake. Akunena zoona, ndipo sindikuika ziwirizi m'thumba limodzi. Chimene ndikuopa ndi msika. Mlimi wa ku Malawi, amene waona mtengo wa thumba la feteleza ukukwera mosaneneka kuyambira 2021, ndi munthu wokonzeka kale kukhulupirira aliyense womuuza kuti kabotolo kokwana m'thumba la malaya kangagwire ntchito ya thumba la makilogalamu 50. Malangizo a ulimi wa chimanga kwathu kuno amafika pa makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala, ndipo thumba limodzi la yureya limapereka 23. M'mankhusu, m'zigoba za mazira ndi m'mafupa opsereza mulibe nayitrojeni woti n'kuwerengera. Tsiku limene wamalonda adzaime pa msika wa pa boma n'kunena kuti botolo lake la nano lochokera ku zinyalala likulowa m'malo mwa yureya, adzakhala akunama, ndipo bodzalo lidzamveka bwino kwambiri chifukwa lidzavala mawu akuti zachilengedwe.

Palinso funso limene olemba kafukufuku ambiri salifunsa, lakuti kodi zinyalala zikunenedwazo n'zopandadi mwini? Pa pepala, mankhusu, mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza ndi zotsalira za nzimbe zimawerengedwa ngati zinthu za mtengo wa ziro. Kumudzi sizili choncho. Zitsononkho ndi nkhuni, mapesi ndi chakudya cha ng'ombe m'chilimwe ndiponso chophimbira nthaka m'minda ya ulimi wa mtayakhasu, gaga ndi phulusa ndi zimene alimi akusakaniza ndi ndowe ndi feteleza pang'ono popanga manyowa a Mbeya, ndipo zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa zimawotchedwa kuti ziyendetse mafakitale a shuga. Nthaka yathu ikusowa kwambiri zinthu zowolerana, ndipo pamene zowoleranazo zachepa, ngakhale feteleza wabwino sapindula mokwanira. Kuchotsa mapesi m'munda kupita nawo ku fakitale, kuwawotcha, n'kubwezera mlimi kabotolo ka zotsalira zake pa mtengo, kungakhale kubweza m'mbuyo ulimi wosamalira nthaka. Mankhusu a mpunga okha ndi amene ndimawaona mosiyana, popeza amakhala ataunjikana kale pa chigayo, ng'ombe sizipindula nawo, ndipo amachedwa kuwola. Komabe nawonso akapeza mtengo, si mlimi yekha amene adzawafune: kampani ya matayala ya Goodyear inayamba kale kugwiritsa ntchito silika wa phulusa la mankhusu m'matayala ake, ndipo wopanga matayala angathe kulipira kuposa mlimi wa mpunga.

Mawu akuti kusamalira chilengedwe nawonso ayenera kuwerengeredwa ndi cholembera m'manja. Kapangidwe ka silika wa nano kamene ndafotokoza kaja kamafuna asidi, kositiki soda, madzi ambiri otsukira, ndi ng'anjo yosunga kutentha kofanana kwa maola angapo. Kwa dziko ngati Malawi, asidi ndi sodayo ndi katundu woitanitsa kunja, magetsi ndi operewera, ndipo madzi otsukirawo amatuluka ali ndi mchere ndi asidi amene sangangotayidwa mumtsinje. Zonsezi zikaikidwa pa sikelo, n'kutheka kuti silika wa nano apambanabe, chifukwa muyeso wopopera pa masamba ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi matumba a phulusa omwaza pansi. N'kuthekanso kuti agonja. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kafukufuku wochuluka amene amatchulidwa pa nkhaniyi amachitikira m'miphika ya m'nyumba zagalasi, kwa milungu yochepa, ndipo amayerekeza mbewu yopatsidwa timibulu ta nano ndi mbewu yosapatsidwa kalikonse. Mpikisano wotero wopambana amadziwikiratu. Mnzake woyenera kupikisana naye ndi phulusa lomwelo losakonza, limene mlimi angatape pa chigayo ndi fosholo, pakuti mankhusu opsa ndi moto wosapitirira muyeso amasiya silika amene amasungunuka pang'onopang'ono m'nthaka, mizu n'kumayamwa.

Za thanzi la wopopera sizimatchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa olemba ake amavala zotchinga mphuno ndi magolovesi tsiku lililonse, n'kuiwala kuti ena satero. Wopopera wa kwathu nthawi zambiri amabereka sipuleya kumsana atavala malaya wamba, ndipo amasakaniza mankhwala ndi kamtengo m'chidebe. Fumbi likachepa kwambiri limafika kutali m'mapapo. Silika wa mankhusu opsa bwino sakhala woopsa ngati fumbi la miyala ya m'migodi, koma moto ukapitirira madigiri 800 kapena 900, silikayo amayamba kusintha n'kukhala wa mtundu wina, wotchedwa cristobalite, umene uli m'gulu la fumbi loyambitsa matenda a m'mapapo amene avutitsa anthu ogwira ntchito m'migodi. Izi zikutanthauza kuti mafakitale awiri angathe kutulutsa ufa woyera wooneka mofanana, wina wotetezeka ndipo wina woopsa, kusiyana kwake kungokhala pa kasamalidwe ka ng'anjo. Pamene ufawo ukuthiridwa m'chimanga chosunga chimene ana adzadye, kusiyanaku si kwamasewera.

Apa m'pamene pakubwera ntchito ya malamulo. Maiko a European Union anakhazikitsa tanthauzo la chinthu cha nano mu 2011, n'kulikonzanso mu 2022, ndipo kuyambira 2020 makampani amayenera kupereka zambiri zapadera za timibulu totere polembetsa mankhwala awo. Anachita zimenezi atazindikira kuti chinthu chodziwika bwino chikachepetsedwa kufika pa nano, sichingaganiziridwe kuti chidakali ndi khalidwe lomwe lija. Kwathu kuno kuli bungwe la Malawi Bureau of Standards loona za ubwino wa katundu, ndi la Pesticides Control Board loona za mankhwala ophera tizilombo, ndipo mabungwe amenewa ndi amene adzakumane ndi mabotolowa akadzayamba kuchuluka pa zipata za dziko. Kuyeza kuchuluka kwa nayitrojeni kapena zinki m'botolo ndi ntchito imene labotale yanthawi zonse ingathe. Kutsimikiza kuti timibuluto tilidi pa msinkhu wa nano kumafuna maikulosikopu ya ma elekitironi ndi zida zina zodula. Ine ndingakonde lamulo losavuta limene silidikira zida zimenezo: botolo lililonse lilembedwe magalamu a chakudya cha mbewu amene ali m'katimo, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za alimi, ndipo pasakhale wololedwa kulemba kuti botolo likufanana ndi thumba pokhapokha ataonetsa zotsatira za m'minda ya dziko lino.

Sindikufuna kuti wowerenga achoke ndi maganizo akuti ndikutseka khomo. Pali malo amene kuchepa kwa timibulu kumagwirizana ndi kuchepa kwa chosowacho, ndipo pamenepo masamu satsutsana ndi lonjezo. Zinki ndi chitsanzo chabwino. Mbewu imamufuna m'magalamu mazana ochepa pa hekitala, osati m'makilogalamu makumimakumi ngati nayitrojeni, koma akasowa, chimanga chimapinimbira ndipo njere zake zimakhala zosapatsa thanzi lokwanira. Kafukufuku wa michere ya m'thupi amene anachitika m'Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse anali operewera zinki, ndipo feteleza wokulitsa amene alimi amagula masiku ano, wa 23:10:5, anawonjezeredwa salufa ndi zinki chifukwa nthaka zambiri zikusowa michere imeneyi. Zinki wothiridwa pansi amagwidwa ndi dothi, mbewu n'kungotengako pang'ono chabe. Ngati timibulu ta chitosan kapena ta silika wa mankhusu tinganyamule zinki n'kumufikitsa pa tsamba kapena pa njere yobzala mosataya, phindu lake lingafike mpaka m'mbale ya nsima. Zomwezonso ndi kuviika mbewu musanabzale kuti zimere mofanana, ndi kuteteza chimanga m'nkhokwe. M'ntchito zonsezi muyeso wofunika ndi wochepa mwachibadwa, ndipo chonyamuliracho chimawola kapena chimabwerera kukhala dothi.

Malo oyeserapo alipo kale. Ku Lifuwu, m'boma la Salima, kuli siteshoni ya boma yofufuza za mpunga. Ku Chitedze ndi ku Bvumbwe kuli masiteshoni a mbewu zina. Ku Bunda kuli akatswiri a nthaka a yunivesite ya LUANAR, ndipo ku mayunivesite a MUST ndi MUBAS kuli odziwa za mankhwala ndi uinjiniya amene angamange ng'anjo yosunga kutentha. Ndingakonde kuona munda umodzi wa mpunga wa Kilombero utagawidwa m'zigawo, china chopanda silikoni wowonjezera, china chomwazidwa mankhusu owolerana, china phulusa wamba la pa chigayo, ndi china chopoperedwa silika wa nano wopangidwa ndi mankhusu omwewo, zonse zitapatsidwa feteleza wofanana, ndipo ntchitoyo ibwerezedwe ku Karonga ndi ku chigwa cha Bwanje kwa zaka zitatu, kuphatikizapo chaka cha mvula yovuta. Olemba zotsatira asangowerenga matumba okolola okha, koma alembenso ndalama zogulira asidi ndi soda, magetsi amene ng'anjo yadya, masiku a ganyu yopopera, ndi mmene nyongolotsi ndi timaphundo ta mizu ya nyemba zobzalidwa pambuyo pake zikuonekera. Ngati chigawo cha nano chidzapambane chigawo cha phulusa ndi phindu lokwanira kulipira zonsezo, ndidzakhala woyamba kulemba kuti makopaletivu a alimi a mpunga apatsidwe ngongole yomangira ng'anjo pafupi ndi zigayo zawo, kuti phindu la mankhusu litsale kwa amene analima mpungawo. Ngati zigawo ziwirizo zidzafanane, alangizi adzakhala ndi uthenga wotsika mtengo kwambiri wopita nawo kwa alimi, wakuti phulusa la kuseri kwa chigayo libwerere kumunda pa ngolo.